Maliro a Mkazi Mnzanga ku South Bend

Nkhani iyi ndinkafuna ifere m'mimba mwanga, koma amayi a ku South Bend akuifotokoza mokhotakhota. Ena akuti ndinakomoka, ena akuti ndinaluma mzungu. Sindinakomoke ndipo sindinalume munthu. Zimene ndinachita n'zochititsa manyazi kuposa pamenepo, ndiye kuli bwino ndidziyalutse ndekha.

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Indianapolis, cha ku Lafayette Road, m'maapatimenti aja makoma ake ali ngati katoni ya sopo. Kuseli kwa khoma la kuchipinda kwathu kunkakhala Amalawi anzathu, a Mbewe ndi akazi awo, anti Joyce. TV tinali nayo, koma pulogalamu imene ndinkaikonda inali ya banja la a Mbewe. Inalibe ma advert.

Lamulungu lina masana, amuna anga atapita ku shifiti, mwana wanga Tadala atagona, ndinamva chitseko cha wadirobu kuseliko chikuti phwa! Ndinati eya, yayamba. Ndinatapa mtedza, n'kutenga tambula, kuigunditsa kukhoma, khutu pamwamba pake.

"Tsitsi ili ndi la ndani?" Anali mawu a anti Joyce.

"Tsitsi liti?"

"Ili! Lalitali ngati chingwe choyanikapo zovala, loyera mbee! Ine langa ndimachita kugula ndipo ndi lakuda. Pa jekete yanu lafikapo bwanji?"

"Mwina mphepo..."

"Mphepo! Nanga ufa uli paphewawu? Mwatsegula chigayo ku South Bend? Iyi ndi pawuda ya mkazi, a Mbewe, musanditenge ngati mwana!"

Ine kuno mtedza ukukoma. Mumtima ndikuti apanikizeni asisi, amuna awa ngosamva.

"Joyce, chepetsa mawu. Jeketeyo dzulo anavala ndi bambo a Tadala. Kunkazizira, yawo anaiwala."

Bambo a Tadala ndi amuna anga. Ndinasiya kutafuna mtedza. Dzulo lakelo anandiuza kuti ali pa double shift ku Lawrence, ku Indianapolis komweko.

"Musanamizire mwamuna wa eni ake!"

"Ndikulumbira! Ine ndimangoperekeza. Amene amamunyamula mayiyo ndi iwowo, ine ngakhale kumukhudza ayi."

"Kumunyamula?"

"Eya, kumugwira m'chiuno n'kumukweza. Mayiyo safuna wina aliyense. Amati manja a bambo a Tadala ndi ofewa."

"Mayi wake uti?"

"Loretta. Basi, usandifunsenso, ndinalonjeza kuti sindinena. Ndipo mayi a Tadala asamve, kungagwe nkhondo."

Tambula inapulumuka m'manja n'kugwa pa kapeti.

Amuna anga ndi munthu wofatsa, mukawaona. Amasamalira okalamba ku nursing home, ndipo Lamulungu amayimba kiyibodi ku fellowship yathu. Tisanasamukire ku Indy tinakhalako ku South Bend, ndiye njira zakumeneko amazidziwa zonse. Tsopano ndinali nditamva kuti amadziwanso chiuno chimodzi chakumeneko.

Sindinawafunse. Mwamuna ukamufunsa ulibe umboni umangomuphunzitsa kubisa bwino. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 7, koma maso anga anafika ku yunivesite. Ndinayamba kuyang'ana.

Zikhadabo zawo zinali zowengedwa bwinobwino, munthu amene kale ndinkachita kumuthamangitsa ndi nail cutter. Akamasamba ankang'ung'udza nyimbo zosadziwika. Mu buti ya galimoto, pansi pa tayala la sipeya, ndinapeza nsapato m'kathumba ka nsalu: zakuda, zopyapyala, zokhala ndi kachidendene, kunsi kwake kosalala kosapondapo msewu. Nsapato zovinira, anthuni!

Ndiye mapazi. Tikamadya, pansi pa tebulo mapazi awo ankangoyendayenda, chala, chidendene, chala, chidendene, uku nkhope ili phee ngati m'busa. Ngakhale kutulo ankandiponda akuvina. Munthu amene pa ukwati wathu anavina ngati akupha nyerere!

Tsiku lina ndinawayesa.

"Bambo a Tadala, tandinyamulani."

"Wadwala?"

"Ayi, ndangofuna."

"Aaa, msana mayi, msana. Tsiku lonse ndimakhalira kunyamula anthu."

"Anthu," ndinatero.

"Eya, anthu."

Ine ndili ndi pakati pa Tadala ndinkakwera masitepe ndekha, nditanyamulanso thumba la mpunga. Manja ofewawo sindinawalawepo.

Anti Joyce ndinawapeza ku laundry akupinda mayunifolomu awo, paja iwo ndi nesi.

"Asisi, ndinamva zonse."

"Ndikudziwa. Tambula yako imamveka ikamakhudza khoma."

Tinagwirizana pomwepo. Iwo ankafuna aone ndi maso ngati amuna awo amangoperekezadi. Adiresi sinavute, GPS ya m'galimoto ya a Mbewe inali itasunga malo onse amene anapitako. Amuna amafufuta mameseji, GPS amaiwala.

Loweruka lakumapeto kwa Okutobala, m'mawa, ndinapeza amuna anga akusita suti yakuda ya pa ukwati wathu.

"Double shift," anatero ndisanafunse.

"Mu suti?"

"Kuli kaphwando ka okalamba."

"Muwapatse moni okalambawo."

Ananyamuka ndi a Mbewe pa galimoto yathu. Ife tinadikira pang'ono, n'kumumanga Tadala pa car seat, ulendo pa ya anti Joyce.

Msewu wa ku South Bend ndi wautali, uku ndi uku minda ya chimanga chouma yokhayokha, ndiye munthu umakhala ndi nthawi yokonzeka. Ndinavula ndolo. Ndinavula wigi n'kuiika m'chikwama cha matewera. Ndinadzola Vaseline kumaso kuti zikhadabo za mkaziyo zizikaterereka. Chingerezi changa chimathawa ndikakwiya, ndiye ndinkabwereza chiganizo chimodzi njira yonse: "That one is my husband."

"Ukakamugwira tsitsi ukulunge kudzanja," anti Joyce ankandilangiza. "La azungu limaterera."

GPS inatifikitsa pa tchalitchi chakale cha njerwa zofiira, dzuwa lidakali pamutu. Galimoto yathu ndinaiona, ili pakona. Malo oimikapo anali atadzaza, ndiye anti Joyce ananditsitsa pakhomo. "Lowa, ine ndikasake parking. Usayambe ndisanafike!"

Ndinamubereka Tadala kumbuyo n'kuyang'ana bwino. Anthu ankalowa awiriawiri, pafupifupi onse atavala zakuda. Azimayi ena ataphimba nkhope ndi kansalu ka neti. Pafupi ndi masitepe panaima galimoto yaitali yakuda, ya makatani kumbuyo. Imeneyo ngakhale mwana amaidziwa ntchito yake.

Pakhomo anaimika chithunzi chachikulu cha black and white. Mkazi, abale! Maso ngati a ng'ombe yaing'ono, khosi lalitali, tsitsi loyera likugwera m'mapewa. Panali zolemba zopiringizika pansi pake, koma ine ndinalibe nthawi ya zilembo, ndinkawerenga nkhopeyo. Mtima unandiuza kuti ndi yemweyu. Ndinakumbukira kuti wigi yanga ili pakati pa matewera.

M'kati pang'ono munali tebulo, pali kamtsikana kopaka lipisitiki yakuda. Ndinakaonetsa chithunzi cha amuna anga pa foni.

"Oh, him! He's Miss Loretta's favorite!"

Favorite. Mawu amenewo ndinawamva popanda womasulira.

"Where is Loretta?"

"She's already in the coffin. The guys are carrying her in any minute."

Ndinagwira tebulo.

Ndinena zoona, Mulungu andikhululukire: choyamba ndinasangalala. Koma chisangalalocho sichinafike n'kumawondo komwe. Wamoyo umatha kumukoka tsitsi, umatha kudikira akalambe, anenepe, mano aguluke. Nanga wakufa? Ameneyu adzakhala wokongola chomwechi mumtima mwa amuna anga mpaka kalekale, ine ndikukwinyika ndi ma night shift awo. Ndiponso iwo, amene maliro a malume anga anangowaonera pa WhatsApp, lero avala suti ya ukwati wanga kudzanyamula bokosi la chibwenzi, ngati mkamwini wa pakhomo!

Ndinaimbira anti Joyce.

"Asisi, wafa!"

"Ndani?"

"Loretta! Kuno ndi maliro. Amuna athu ndi amene akunyamula bokosi."

"Mayo! Ndiye amayi a kuno akudziwa? Amuna athu ali pa maliro popanda Mmalawi ndi mmodzi yemwe wodzawakhazika? Tidzanyozeka mpaka kumudzi! Dikira ndiwaimbire mayi Phiri."

Mayi Phiri ndi mkulu wa amayi a ku South Bend. Ukawauza chinthu, wauza Indiana yense. Koma ine mutu unali kwina, ndinangoti imbani.

Tsopano ndewu inali itatha yokha, chifukwa pa maliro sumenya munthu. Koma pa maliro sulowanso ngati ukulowa mu shopu. Ndinatulutsa chitenje china m'chikwama n'kumanga pamwamba pa jinzi. Kansalu kopukutira Tadala ndinakasandutsa duku. Ndinaika kangachepe patebulo, ka chipepeso. Kamtsikana kaja kanandipatsa kapepala n'kundidinda chidindo padzanja. Ndinati azungu ndi anthu adongosolo, chipepeso chomwe amapereka risiti.

M'tchalitchimo munali mdima, mawindo ataphimba ndi nsalu zakuda, timakandulo tikuyaka m'mbali. Kutsogolo anapachika chinsalu choyera, ndipo pachinsalupo panali nkhope yomwe ija, yaikulu ngati khoma la nyumba. Zimenezi sizinandidabwitse, ndinaonapo pa maliro ena kuno akuonetsa zithunzi za malemu.

Chimene chinandidabwitsa ndi anamfedwa. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankalira. Ankacheza, ena akuseka, ena akudya mbuliwuli m'timapepala. Mbuliwuli pa maliro! Bambo wina anali atadzipaka zoyera kumaso ndi zakuda m'maso, ndinati uyu ndiye mchimwene wake, sanagone masiku angapo. Kwaya kunalibe. Panja sindinaone mayi ndi mmodzi yemwe akuphika.

Ndinayamba kumumvera kachisoni mkazi mnzangayo. Kukongola konseku, n'kusowa wokulira? Kenako ndinaganiza zina. Kwathu mkazi akamalira maliro amanena zonse za kumtima, ndipo palibe amene angamutseke pakamwa. Ndinati chabwino. Chingerezi chandithawa, koma kulira ndimakutha. Amuna anga amva lero.

Belu linalira kamodzi, anthu onse zii. Chitseko chakumbuyo chinatseguka ndipo bokosi linalowa, lakuda, lonyezimira, amuna anayi atalinyamula. Kutsogolo, mbali ya kumutu, bambo a Tadala. Magolovesi oyera m'manja, akuyenda pang'onopang'ono, nkhope yachisoni imene sindinaionepo chikwatiwire. Kumbuyo kwawo a Mbewe, aja ongoperekeza aja.

Ndinawasiya adutse. Kenako ndinalowa pakati pa mipando, pambuyo pa bokosi, manja kumutu, n'kutsegula pakhosi.

"Mayo ine, mayooo! Loretta iwe, wathawa bwanji ndisanakuone! Mayooo!"

Tchalitchi chonse chinadzidzimuka. Mayi wina anataya mbuliwuli. Bokosi linapendekeka kutsogolo, chifukwa mwini mbali ya kumutu anali atazindikira mawu.

"Akulu," ndinamva a Mbewe akunong'ona, "si alamu awa?"

"Yendani, musacheuke!"

Ine ndiye ndinawonjezera moto.

"Ndayenda ulendo wonsewu ndi Vaseline kumaso, iwe n'kugona! Wandisiyira mwamuna wovina kutulo, ndimutani ine! Unamuona chiyani, wa msana wowawa yemweyu! Mayooo!"

Tadala kumbuyo anamva mayi ake akulira, nayenso anayatsa sayirini yake. Ndipo ndisaname, pofika pakati pa tchalitchi misozi inali yeniyeni. Ndinkalira banja langa, ndinkalira mayi anga ali kutali, ndinkalira masitepe aja ndinkakwera ndekha.

Anthu anayamba kutulutsa mafoni. Ena anayamba kuwomba m'manja. Ndinati mwambo wawo ndi umenewu, mwina sanaonepo munthu wolira bwino.

Bokosi analitsitsa kutsogolo, pafupi ndi chilimba chachikulu chimene eni ake amati organ, cha mipope yofika kudenga. Amuna anga anatembenuka, maso ali tong'o, akundikupiza ndi golovesi ngati akuingitsa nkhuku. "Mayi a Tadala! Pssst! Khala pansi!"

Kundiletsa kulira chibwenzi chawo! Ndinagwada n'kudzigwetsa pa bokosi, ndikulimenya ndi zikhato.

"Dzuka undiyankhe! Dzuka, Loretta, dzukaaa!"

M'kati munamveka go, go, go.

Ndinasiya kulira. Tadala nayenso anasiya.

Go, go, go. Kenako chivundikiro chinayamba kundikankha pachifuwa. Panatuluka dzanja loyera, lowonda, la mitsempha, lili ndi mphete. Ndipo mawu anatuluka m'bokosimo, okalamba koma amphamvu: "Honey, you're on my lid."

Anadzuka, anthuni. Ndinamuuza kuti adzuke ndipo anadzuka.

"Yesu! Moto! Fire! Fire!" Ndinabwerera chambuyo ndikukalipira mizimu m'zinenero zonse ziwiri. Kumene ndinkapita sindinkakuona. Pansi pa chilimba chija pali timatabwa tambiri tondandalika, toponda ndi mapazi, ndipo ine ndinakwerapo ndi mapazi onse awiri.

BUUUUUM!

Nyumba yonse inanjenjemera, mpaka m'mano. Ndinati basi, lipenga lomaliza ndi limeneli, akufa ayamba kale kuuka, ndipo Ambuye andipeza ndilibe wigi. Ndikasuntha phazi, lina BOOOM! Ndikasunthanso, lina! Ndinangoima pomwepo ndikukuwa.

Amuna anga anathamanga, kundigwira m'chiuno, kundikweza ine ndi Tadala yemwe, n'kukatikhazika pa mpando wakutsogolo. Ngakhale ndinali pakati pa chiweruzo, ndinazindikira kanthu: manjawo ndi ofewadi.

Anthu anali ataimirira, akuwomba m'manja, ena akuimba malikhweru. Mchimwene wa malemu uja, wa zoyera kumaso, ankakuwa kuti, "Best opening ever!"

Kenako ndinaona amuna anga akuwerama pa bokosi, kumugwira mayiyo m'chiuno, kumukweza mosamala ngati dzira, n'kumuimika. A Mbewe anabweretsa walker, chitsulo choyendera okalamba chija. Loretta anali gogo, anthuni. Gogo weniweni, woposa agogo anga, wamfupi, wopindika msana, nkhope yodzaza pawuda, tsitsi la imvi lofika m'chiuno. Anandiyang'ana n'kumwetulira.

"Is this your wife? My goodness, what lungs!"

Amuna anga anagwada pafupi nane, thukuta lili kamukamu.

"Wandipha, mayi a Tadala. Wandipha."

"Ine? Inu mwanyamula mfiti m'bokosi!"

"Si mfiti! Ndi filimu iyi. Chaka chilichonse nyengo ya Halloween, ya zoopsezana ija, amaonetsa filimu yoopsa yakalekale, gogoyu ndiye amayimba organ. Kulowa m'bokosi ndi sitayilo yake, anthu amakonda. Koma chiuno chake anachita opaleshoni, sangatulukemo yekha. Ndinkasamalira malemu amuna ake tili kuno, ndiye amandikhulupirira. Iye amandiphunzitsa organ ulere."

"Osandiuza bwanji?"

"Iwe? Amene unataya kadzungu kamene Tadala anapatsidwa ku daycare, n'kuthira mafuta odzozera pakhomo? Ndikanati ndikukanyamula munthu wamoyo m'bokosi pa Halloween, ukanandilola?"

"Ayi."

"Ndipo akulu a mpingo akamva, kiyibodi andilanda."

Sanadikire yankho. Anavula nsapato zawo, kuvala zija za m'kathumba, n'kukakhala pambali pa gogoyo. Makandulo anazima, filimu inayamba.

A Mbewe anakhala pafupi nane, akupewa maso anga. Pachinsalu anthu ankatsegula pakamwa koma mawu osatuluka.

"Sipika yafa?" ndinanong'ona.

"Ayi alamu, kalelo mafilimu analibe mawu. Mawu ake ndi limbalo."

"Nanga wokongolayo ndi ndani?"

"Wa mufilimu. Ameneyo ndiye anafadi, kalekale."

Nkhani yake inali ya mtsikana amene anakwatiwa m'nyumba ina yaikulu, momwe chikhothi cha malemu mwini nyumba chinkayenda chokha, m'kati mulibe munthu. Chikamakwera masitepe, gogo uja ankakanda limba pang'onopang'ono, mawu onenepa ochokera pansi, mpaka tsitsi langa lenileni linaima pansi pa duku. Ndinayesa kutseka makutu. Ndinangoona chikhothi chikukokedwa ndi ulusi, choseketsa. Nditatsegula, mantha anabwerera. Ufiti wonse unali m'zala za gogoyo. Amuna anga ankamutembenuzira mapepala, kumukokera timabatani, ndipo miyendo yake ikatopa ankamupondera timatabwa tija. Chala, chidendene, chala, chidendene.

Apa n'kuti anti Joyce atalowa mwakachetechete. Ananditsina pamkono.

"Iwe, si unati wafa?"

"Anali atafa, asisi. Wadzuka."

Atamvetsa nkhani yonse anagwira pakamwa, n'kuyamba kulembera mayi Phiri mameseji ngati foni yawapsereza. "Sakuyankha! Ali kale panjira!"

Ine maso anali kutsogolo, chifukwa panafika pachikondi. Mtsikana uja anaima pawindo, maso ali m'mwamba, ndipo gogo anasendera n'kuwasiyira amuna anga limba lonse. Anayamba kuyimba kanyimbo kofewa. Ndinakadziwa. Ndi kamene ankandiyimbira pa kiyibodi ya tchalitchi ku Zomba, nthawi imene ankandifunsira. Anali kukayimba bwino kuposa kale, uku maso ali pa mkazi wa pachinsaluyo, osaphethira.

"A Mbewe, akumuyang'aniranji chonchi?"

"Ayenera kuyang'ana, alamu, kuti nyimbo igwirizane ndi zochitika."

"Aziyang'ana ndi diso limodzi."

Filimu ili pafupi kutha, chikhothi chitafika pakhomo la chipinda cha mtsikanayo, limba likubangula, anthu atagwirana manja, chitseko chakumbuyo kwa tchalitchi chinatseguka. Kuwala kunalowa, ndipo m'kuwalamo munatuluka mzere wa amayi ovala zitenje ndi maduku, akuyenda pang'onopang'ono, akung'ung'udza nyimbo ya maliro. Azungu anakuwa kuposa mmene anakuwira chikhothi.

Kutsogolo kunali mayi Phiri. Anafika pampando wanga, kugwada, kundigwira dzanja.

"Pepani, mayi a Tadala, pepani. Tamva mochedwa." Anayang'ana bokosi lotsegula, lopanda kanthu. Anayang'ana chinsalu. "Nanga mtembo uli kuti?"

Ndinaloza ndi chala. "Ndi uwo ukuyimba limbawo."

Filimu itatha tinatsikira m'chipinda chapansi, kumene eni malo anakonza madonasi ndi juwisi wa maapozi. Amayi a ku South Bend sanabwere chimanjamanja. Aliyense anangonyamula zimene anakonzera banja lake za weekend: mpunga, nkhuku, kabichi, nyemba, mandasi. Zonse anaziyala patebulo, nkhope zili gwa.

Amuna anga anaima pakona ngati mwana wogwidwa akuba shuga. Mayi Phiri anawayang'ana kuyambira ku magolovesi mpaka ku nsapato.

"Bambo a Tadala, za bokosizi tikakamba ndi abusa."

"Chabwino, mayi."

"Koma limba mumalitha. Bwanji ku fellowship mumangotiyimbira ngati mukuitana ana a ice cream?" Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndipo inu, mwaitanitsa maliro opanda mtembo. Chakudya cha maliro sichibwerera kunyumba. Tidya pompano."

Kumbali, pulogalamu yanga ija inali itayambiranso, ulendo uno popanda khoma.

"Mwandisandutsa wabodza pamaso pa amayi onsewa!" anti Joyce ankawaloza a Mbewe ndi supuni. "Mukanangonena kuti ndi gogo!"

"Unandifunsa zaka zake? Ndipo anakutuma ndani kuimba mafoni?"

"Munati simumukhudza n'komwe. Walker ija anabweretsa ndani?"

"Walker si chiuno, Joyce!"

"Lero walker, mawa chiuno!"

Ine ndinalibe mphamvu zowamvetsera, chifukwa ndinali ndi zanga. Gogo Loretta anali atakhala kumutu kwa tebulo, pawuda idakali kumaso, Tadala ali pamiyendo pake akuseweretsa tsitsi lija. Ndipo amuna anga anali atawerama pambali pake, akumudulira nkhuku tizidutswa ting'onoting'ono, kuchotsa mafupa, mpaka kuuzira kuti izizire.

Ndinakankha mbale yanga mpaka inagunda chigongono chawo.

"Nanenso."

"Iwe mano uli nawo."

"Bambo a Tadala, lero ndalira maliro a mkazi uyu ndi mtima wanga wonse. Dulani."

Anandiyang'ana, n'kuyamba kuseka, kuseka mpaka misozi, amayi onse n'kulandira. Koma anadula. Anachotsanso mafupa.

Gogo anandigwira dzanja n'kulankhula zambirimbiri, amuna anga akumasulira. Akuti wakhala akulowa m'bokosi limenelo zaka zambiri, koma palibe anamulirapo chonchi. Akuti tsiku lake lenileni likadzafika, ndisadzalephere kubwera.

"Muuzeni kuti ndinamulira kale," ndinatero. "Kawiri ayi."

Fungo la nkhuku linali litafika kumbali kuja. A Mbewe anakoka mpando, anti Joyce anakhala akung'ung'udzabe, n'kuwaikira amuna awo ntchafu, iwo n'kutenga phiko. Anadya mbale imodzi, phee, ngati si iwo anayambitsa zonsezi. Ndipo pamene mayi Phiri ankafunsa ngati pali wofuna kuwonjezera, woyamba kukweza mbale anali malemu.

Kuyambira tsiku limenelo, ndisanalire maliro a munthu ndimayamba ndagogoda pa bokosi.